Mawu Awiri a Evelina

South Bend, Indiana
Lachinayi m'mawa

Okondedwa Achimwene a Chester,

Choyamba ndimve za moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, miyendo ija ikutupabe? Mankhwala a BP akumwa, kapena ayambanso kuwabisa pansi pa mphasa? Kuno tadzuka. Alamu anu a Eugene ali bwino, Kenan akupita kusukulu. Ine thupi lilipo, koma mtima wakana kukhala pansi. Ndikakhala ndikufuna kuimirira, ndikaimirira sindikudziwa kolowera.

Ndalemba ndi dzanja dala. Ndijambula mapepalawa n'kukutumizirani pa WhatsApp. Pafoni talephera kumvana. Lamlungu lija inu munakweza mawu, inenso ndinakweza, netiweki n'kutidula aliyense asanamve mnzake. Papepala simungandidule pakamwa. Chonde khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikalipire ngati mudzakhale mukufunabe kutero.

Mng'ono wanu Sosten watisiya. Zimenezo mukudziwa, ndinakuuzani ndine. Chimene simukudziwa ndi mmene uthengawo unandipezera, ndiponso mmene nkhani ya poizoni ija inayambira. Ponseponse ndinalipo. Ndiye mumve kwa ine mlongo wanu, osati kwa anthu a pagulupu ya banja amene akungofowada zilizonse zawafika.

Tisanamizane, achimwene. Chikhazikikireni Sosten ku Sweden, mumzinda uja wa Uppsala kumene anapita kukaphunzira, Annika sitinamulandire bwino. Panalibe chinkhoswe, panalibe ukwati wa kutchalitchi, ndiye tinkangoti "mzungu wa Sosten." Mwana atabadwa, Sosten n'kumupatsa dzina la amayi lakuti Evelina, tinakondwera tonse. Mwanayo tinamulowetsa m'banja, mayi wake tinamusiya panja. Ineyo amene ndili kunja kuno, amene ndimadziwa kuwawa kokhala mlendo, nambala ya Annika ndinalibe.

Evelina ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Chingerezi sanayambe kuchimva, amalankhula Chiswidishi chokhachokha. Chichewa amangodziwa "zikomo" ndi "agogo." Ndiye ine ndi iye tinkacheza ndi zithunzi. Ali ndi kathabuleti kake. Iye amanditumizira zimene wajambula kusukulu, ine ndimamutumizira agologolo a kuseri kwa nyumba yathu, kapena Kenan akukolopa chipale pakhomo atakwinya nkhope. Chibwenzi chathu chinali chimenecho, ndipo chinkatikwanira.

Chaka chonse chino mwanayu wakhala akuvutitsa bambo ake kuti amugulire galu. Sosten ankandidandaulira akuseka. Ankati kumeneko galu amagona pasofa, amavala juzi, amapita kwa dokotala wa mano. Tsiku lina anati, "Achemwali, ine mwana wa ku Nsipe, ndiziyenda pambuyo pa galu ndi kapepala m'manja kumutolera zonyansa? Anzanga akumudzi akamva adzati chiyani?" Ndinamuuza kuti adzagonja basi, chifukwa kamtsikanako kanamugwira pamtima.

Lachiwiri la sabata yatha ndinali pashifiti ya m'mawa kuchipatala. Ndikutuluka m'chipinda cha wodwala, foni inanjenjemera m'thumba. Inali meseji ya Evelina. Nthawi zonse amatumiza zithunzi, koma tsikulo analemba mawu awiri okha: Pappa dog.

Achimwene, inu ndinu mphunzitsi, Chingerezi mumachidziwa kuposa ine. Mukanawerenga chiyani? Papa ndi bambo, dog ndi galu. Ndinaseka pakhonde la wodi mpaka nesi mnzanga anandifunsa chimene chachitika. Ndinamuonetsa foni, ndinati mlongo wanga wagonja, wagula galu. Ndinasaka chithunzi cha galu wotulutsa lilime ngati akuseka, n'kumutumizira mwanayo. Ndinaonjezera timitima tofiira ndi tinkhope tija toseka mpaka misozi. Pansi pake ndinalemba m'Chingerezi kuti dzina lake ndani.

Tizizindikiro tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti waona. Sanayankhe. Ndinati mwina akusewera ndi galu wakeyo. Ndinagwira ntchito tsiku lonse, ndinakagula zakudya, madzulo ndinawauza a Eugene kuti alamu awo tsopano akutola zonyansa za galu m'misewu ya ku Ulaya. Tinaseka tonse patebulo. Ndinamulemberanso Sosten yemweyo kumunyogodola. Meseji imeneyo sinawerengedwe mpaka lero.

Lachitatu m'mawa ndangopaka galimoto kuntchito, inalowa foni ya nambala yachilendo. Anali Annika. Chingerezi amalankhula bwino, koma mawu ankatuluka amodziamodzi ngati akuwanyamula pamutu. Anati Sosten wamwalira dzulo masana kuchipatala. Anati anali ndi khansa ya m'chiwindi, anaipeza miyezi ingapo yapitayo itafalikira kale.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanatiuzire. Anati Sosten anamuletsa, anamulumbiritsa. Ankaopa kuti amayi akamva BP ikwera. Ankati akachira pang'ono, thupi likabwerera, apita kumudzi pa Khirisimasi akanene yekha ndi pakamwa pake. Annika anati anamuchonderera kangapo kuti andiuzeko ine poti ndine nesi, koma iye ankati, "Achemwali Theresa akangodziwa, m'mawa mwake Nsipe yonse yadziwa." Mawu amenewo ndi ake a Sosten, ndinawazindikira.

Ndipo ndikaganiza, zizindikiro zinalipo. Anawonda, ndinamufunsa, anati wayamba kuthamanga m'mawa. Kenako anayamba kuzimitsa kamera tikamalankhula, akuti netiweki. Ku Sweden netiweki ivute? Ine amene ndimaona maso achikasu tsiku ndi tsiku pawodi, mlongo wanga yemwe ndinamulola kundinamiza.

Ndisanadule, Annika anati pali chinthu china. Anati tsiku lonse la Lachiwiri analibe mphamvu yoimbira munthu, ndipo foni ya Sosten inali yokiya. Nambala yanga anakaipeza m'kathabuleti ka mwana. M'menemo ndi momwe anaona kuti Evelina anali atandilembera kale. Mwanayo anali kunyumba ndi agogo ake akuchikazi. Atangouzidwa, analowa m'chipinda mwake, natenga kathabuleti, n'kulembera munthu mmodzi yekha wa kwa bambo ake amene amamudziwa.

Annika analankhula mofatsa, sanandidzudzule. Anati m'chiyankhulo chawo mawu aja dog amalembedwa chimodzimodzi ndi galu wa m'Chingerezi, koma amatchulidwa mosiyana, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti wamwalira. Pappa dog. Bambo amwalira.

Achimwene, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anandiuza kuti bambo ake amwalira, ine n'kumutumizira galu woseka.

Sindikumbuka bwino mmene ndinatulukira m'galimoto muja. Ndinalowa kuntchito, anandibweza kunyumba. Chithunzicho ndinachidelita, koma zinathandiza chiyani, poti mwana anali ataona kale? Ndinapempha kulankhula naye, Annika anati wakana. Anati anamufotokozera kuti azakhali ake sanamve, anawerenga m'Chingerezi. Mwanayo anangofunsa kuti nanga anaseka chifukwa chiyani, kenako anatembenukira kukhoma.

Masana omwewo ndi pamene ndinakuimbirani kukuuzani za maliro. Za galu sindinanene. Ndinachita manyazi.

Loweruka tinapita ku Indianapolis. Msuweni wathu Hamilton ndi akazi awo a Pamela anatsegula nyumba yawo ku Speedway kuti Amalawi akumeneko adzatipepese. Anthu anabwera ambiri, ena atangoweruka kuntchito yunifolomu ili m'thupi. Azimayi analawirira kumashopu a ku Lafayette Road kukagula mbuzi ndi masamba. Tinaimba, tinapemphera, aliyense amene ankamudziwa Sosten ananenako mawu. Itafika nthawi yanga, ndinalephera kusunga. Ndinawauza za meseji ya mwana ndi galu wanga uja. Ndinkafuna wina andikalipire. Palibe anandikalipira, azimayi anangolira nane.

Pamenepo ndi pamene vuto linayambira, ndipo linayambira pakamwa panga. A Hamilton atamva kuti mawu a Chiswidishi angathe kuoneka ngati Chingerezi koma akutanthauza zina, anatenga foni yawo n'kukakhala pakona. Anatsegula tsamba la Annika la pa Facebook, n'kuyamba kuika mawu ake limodzilimodzi m'pulogalamu yomasulira. Ankafuna kuona ngati pali china chimene chinatidutsa.

Mukukumbukira chithunzi chimene Annika anaika mwezi watha? Manja awiri ogwirana pansalu yoyera, lakuda ndi loyera, kaduwa kali pambali. Pansi pake panali liwu limodzi: Gift. Tonse tinawerenga kuti mphatso. Ine ndinalembapo kuti ameni, mphatso iliyonse yabwino imachokera kwa Mulungu. Alamu anaikapo mtima. Inunso ndikuganiza munachiona.

A Hamilton anaika liwu limenelo m'pulogalamu. Anaimirira pakati pa nyimbo, foni ili m'mwamba. Anati, "Abale, taonani izi. Gift m'Chiswidishi ndi poizoni. Mkaziyu analemba yekha, pagulu, mwezi usanathe munthu n'kufa. Ankatiseka ife osadziwa chiyankhulo chawo!"

Nyimbo inafera pomwepo. Anthu anaunjikana pafoniyo. Wina anaika pafoni yake, zinatuluka zomwezo. Mayi wina anati iye ankadabwa kale kuti mnyamata wathanzi angafe bwanji osamveka kudwala. Bambo wina anati akazi akumeneko amatero akafuna kutsala ndi mwana ndi nyumba. Wina anati n'chifukwa chake anabisa matenda, kunalibe matenda. Ine ndinkati dikirani, dikirani, koma mawu anga ankamira. Ndisanafike pomwe panali a Hamilton, anali atasikirinishota kale n'kuponya pagulupu ya banja. Ndinaona ndi maso anga dzina lanu likuonekera kuti mwawerenga.

Ndisakubisireni, kwa kanthawi inenso ndinakhulupirira. Ndinati kodi n'kutheka? Mayi ameneyu sindimudziwa, mawu ake ndawamva kamodzi kokha. Koma ndinakumbukira kuti sabata yomweyo ndinali nditawerenga mawu awiri, n'kutsimikiza kuti ndamva, n'kulasa mwana pamtima. Ndinati ulendo uno ndifunsa kaye.

Ndinatuluka panja, ndinalowa m'galimoto, n'kumuimbira Annika pavidiyo. Kwawo kunali kutada kale. Anayankha ali kukhitchini, tsitsi losapesa, atavala juzi la Sosten lija lobiriwira limene amayi anamulukira. Ndinazungulira, ndinafunsa za mwana, ndinafunsa ngati wadya. Kenako ndinangomufunsa kuti chithunzi cha manja chija, liwu lija ankatanthauza chiyani.

Anandiyang'ana osamvetsa. Kenako analowetsa dzanja m'khosi, natulutsa kaunyolo. Panali mphete ziwiri. Anati gift ndi kukwatiwa. Munthu akati ndine gift, ndiye kuti ali pabanja. Tsiku limenelo ndi limene anamanga ukwati, m'kachalitchi ka m'chipatala, Sosten ali panjinga ya odwala, Evelina atanyamula maluwa. Mphete sizikuoneka pachithunzi chifukwa ya Sosten inkangopulumuka, zala zinali zitatha. Iye ndiye anapempha ukwatiwo. Anati safuna kufa mwana wake akutchedwa wa pachibwenzi, ndipo ankafuna adzawauze amayi kuti wakonza.

Ndinamuuza kuti foni ikunena kuti poizoni. Anati inde, liwu lomwelo ndi poizoninso, zimatengera mmene walinenera, mwana aliyense kumeneko amadziwa kusiyanitsa. Anati Sosten ankaseka nazo kwambiri atangofika. Ankati anthu awa ndi oona mtima, ukwati ndi poizoni anazipatsa dzina limodzi, ndipo akanadziwa kuti kwathu kalasi iliyonse muli anyamata atatu otchedwa Gift akanathawa. Annika anayamba kuseka pokumbukira zimenezi, kuseka kuja kwa munthu amene walira masiku ambiri.

Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi. Anandiyang'anitsitsa. Anati, "Theresa, n'chifukwa chiyani wandifunsa? Akuganiza kuti ndinamupha?"

Ndinafuna kunama. Sindinathe. Ndinati ena akutero.

Sanakalipe, achimwene. Bola akanakalipa. Anaika foni patebulo, ndinkangoona denga, ndikumva madzi akutuluka pampope. Atabwerera anati miyezi yonseyi iye ndi amene ankamusambitsa, kumutembenuza, kumupukuta masanzi, kumuphikira phala la ufa umene ankaugula kushopu ya anthu a ku Somalia chifukwa china chilichonse ankabweza. Anati analola kutibisira chifukwa Sosten anamupempha, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina mlandu wake udzagwera iye. Anati akapempha dokotala amene ankamuona Sosten kuti alankhule nane, poti ndine nesi, ndimufunse chilichonse chimene ndikufuna.

Ndinabwerera m'nyumba muja n'kuwauza anthu zonse. Ena anagwira pakamwa. A Pamela anatenga foni ya amuna awo, anatsitsa pansi pang'ono, n'kuwaonetsa kuti tanthauzo la ukwati linalipo pomwepo, pansi pa poizoni, kungoti sanafike nalo maso. Koma a Hamilton anauma. Anati munthu wopalamula anganene chiyani china? Anati chiyankhulo chanji chimene liwu limodzi likhale ukwati, likhalenso poizoni? Ndinawayankha mwaukali kuti nanga ife "mtengo" si wa m'tchire komanso wa pamsika? Tinakangana pamaso pa alendo, a Eugene anachita kundikoka dzanja.

Musawade a Hamilton. Inu mukudziwa kuti iwo ndi Sosten anakulira pamphasa imodzi, kusekondale ankabwerekana nsapato. Pamene ankandikalipira misozi inali ikutsika. Zinali zowapepukira kuti pakhale munthu womuloza chala kusiyana n'kuvomera kuti mnzawo anadwala miyezi yonseyo osawauza. Ndinawamvetsa tili pamsewu wobwerera ku South Bend, koma panthawiyo sikirinishoti inali itafika kale ku Nsipe, ku Balaka, ku Joni, kulikonse kumene kuli wachibale.

Lamlungu ndi lija munandiimbira. Munati mkazi ameneyo asayerekeze kukhudza thupi, libwere kumudzi alipime madokotala athu, ndipo mwana tidzamutenga. Ndinayesa kufotokoza, munati ndagulidwa ndi azungu. Mawu amenewo anandipweteka, koma ndawasiya.

Lolemba dokotala uja anandiimbira. Tinalankhula nthawi yaitali. Ndinamufunsa ngati mmene ndikanafunsira za wodwala wa pawodi yanga: anapeza liti, zithunzi za m'mimba zinaonetsa chiyani, anayesa mankhwala ati, chinachitika n'chiyani masiku omaliza. Anayankha zonse osazemba. Achimwene, ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndaona anthu ambiri akupita njira imeneyi. Sosten wafa ndi khansa. Ndikulumbira pamanda a bambo. Dokotalayo ananenanso kuti Annika ankagona pampando m'chipatalamo mpaka manesi ankachita kumuthamangitsa kuti akasambe.

A Hamilton ndinawauza. Anangodula foni. A Pamela akuti amuna awowo sakudya. Meseji ija aidelita pagulupu, koma sanalembe kalikonse kokonza. Akuti adikira zimene munene inu. Aliyense akudikira inu.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Ndasintha malo, ndili pasiteshoni ya sitima ya kubwalo la ndege, mundikhululukire ngati zilembo zikupendama. Ndikulembera pabondo.

Sosten anasiya mawu. Anamuuza Annika, mutu ukugwirabe bwinobwino, kuti akufuna akaikidwe ku Uppsala, kumanda a tchalitchi chimene chili panjira ya kusukulu ya Evelina. Anati ku Nsipe kuli manda a bambo, a agogo, a mtundu wonse, ndipo olira ndi olambula alipo ambiri. Koma mwana wake alibe aliyense wa kwa bambo ake m'dziko lonselo. Akufuna mwanayo akhale ndi malo opitako akamusowa.

Nditamva ndinakana. Ndinati ayi, kwathu sititero, amayi aike bwanji mwana wawo osaona nkhope? Ndinkafuna agone pafupi ndi bambo, kuti nanenso ndikamabwera kumudzi ndizikawaona onse pamodzi. Mpaka pano mbali ina ya mtima wanga ikufunabe zimenezo. Ndikudziwanso kuti kunyumba kwa amayi anthu akugona pasiwa kudikira thupi, ndipo inu ndi amene mukuyang'anizana nawo tsiku ndi tsiku. Sindikuchepetsa katundu amene muli naye.

Koma mverani izi. Annika akanatha kungomuika osatifunsa. Ndi mkazi wake wa ukwati, malamulo akumeneko ali mbali yake. Sanatero. Anati Sosten anamuuza kuti kwathu mutu wa banja ndi achimwene a Chester, ndipo palibe chichitike iwo asanalole. Ndiye wadikira. Anati mukanena kuti thupi lipite ku Malawi, salimbana nanu, adzasaina, adzaliperekeza yekha ndi mwana ngati mungamulandire. Mayi amene tikumutcha wakupha akudikira chilolezo chanu, thupi la mwamuna wake lili mufiriji. Kumeneko saika msanga ngati kwathu, koma salolanso kudikira kupitirira mwezi. Masiku akutha.

Ndikukupemphani, achimwene, mulole agone kumene anapempha. Ngati simungathe, nenani kuti abwere, koma munene chifukwa cha mwambo ndi chifukwa cha amayi, osati chifukwa cha poizoni. Ndipo lembani pagulupu paja ndi dzanja lanu kuti nkhani ija inali yolakwika. Ine ndalemba kawiri, palibe akundimvera. Akuti Theresa wakhalitsa kunja.

Za amayi ndiye zikundisowetsa tulo. Alamu anandiuza kuti mpaka pano amayi akudziwa zakuti Sosten wafa ndi matenda basi. Koma pasiwa pamakhala pakamwa pambiri. Tsiku lina mayi wina adzawanong'oneza kuti mwana wanu anadyetsedwa, ndipo tidzaika maliro awiri. Pitani mukhale nawo pansi inuyo, anthu asanakutsogolereni. Muwauze kuti mwana wawo anadwala khansa, anasamalidwa bwino, sanafe yekha. Muwauzenso kuti anafa ali pa ukwati. Sanali ansembe athu, anali abusa a Lutheran, koma anadalitsa m'dzina la Mulungu yemweyo. Amayi akhala akulirira chimenechi zaka zonsezi. Musawamane.

Sitima yabwera, ndakwera. Tikulowera ku Chicago, ndipo madzulo ano ndikwera ndege. Ndikuuzeni chimene chandinyamula.

Masiku onsewa Evelina sanandilankhule. Ndinalemba mawu opepesa, Annika anawamasulira n'kumuwerengera. Akuti anangomvetsera basi. Ndinasiya kutumiza zithunzi, ndinaopa. Foni ikangolira ndinkadzidzimuka, ndikayang'ana n'kupeza ndi gulupu ya banja, wina akufunsa ngati apolisi akumeneko amugwira mkaziyo. Kuntchito ndinayamba kuiwala zinthu, mpaka mkulu wa wodi anandiuza kuti nditenge masiku ndikapume. Kupuma kwake kuti? Ndinkangozungulira m'nyumba, kutsegula firiji, kutseka, kupukuta tebulo lopukuta kale.

Dzulo masana ndikupinda zovala, meseji inalowa. Evelina. Mawu awiri: Kom faster.

Kom ndinaganiza kuti ndi kubwera, poti amafanana ndi Chingerezi. Faster ndiye tonse timadziwa, msangamsanga, fulumira. Ndinati mwana akuti ndibwere msanga, kwachitikanso chiyani? Kodi Annika wadwala? Chala chinali chitayamba kale kulemba, koma ndinachigwira. Ndinamuimbira Annika.

Anati ali bwino onse, mwana ali m'chipinda, sanadziwe n'komwe kuti walemba. Ndinamuwerengera mawuwo chilembo ndi chilembo. Ndinamva akufwenthera. Anati kom ndi bwerani, zoona. Koma faster si kufulumira. M'chiyankhulo chawo faster ndi mlongo wa bambo. Mchemwali wa mayi ali ndi dzina lina, ili ndi la mlongo wa bambo yekha. Mwanayo analemba kuti, bwerani azakhali.

Ndinakhala pansi pakapeti pakati pa zovala. A Eugene atabwera anandipeza pomwepo. Nditawaonetsa anati, "Mayi a Kenan, kaya ndi Chiswidishi kaya ndi Chingerezi, apa palibe cholakwika. Pitani, ndipo pitani msanga." Anabukitsa tikiti iwo omwe.

Ndiye ndikupita. Sindikudziwa kuti tikalankhulana bwanji ine ndi mwanayo. Mwina tikangokhala. Ndanyamula chitenje cha amayi chija anandipatsa pobwera kuno, ndikamufunditse. Ndanyamulanso chithunzi chathu atatu tili ana pakhonde ku Nsipe, chija Sosten akulira chifukwa munamulanda nzimbe. Ndikamuonetsa kuti uyu ndi bambo ako, uyu ndine, wamtaliyu ndi bambo ako aakulu.

Akandifunsa za inu, achimwene. Ana amafunsa. Annika akuti mwanayo wamva kale kuti kwa bambo ake kuli anthu amene akwiyira mayi ake, ngakhale sakudziwa chifukwa. Akaloza nkhope yanu pachithunzipo n'kufunsa ngati bambo aakuluwa akwiya nayenso, ndikamuyankhe chiyani? Sindikufuna kukamunamiza, ndipo sindikufuna kukamupwetekanso kachiwiri.

Ndikatsika ndege mawa m'mawa, chinthu choyamba ndikayatsa foni. Ndipezemo mawu anu. Musalembe, mujambule mawu ndi pakamwa panu, m'Chichewa chathu, kuti pasakhale wowerenga molakwika. Ngati amayi angathe, anenemo nawonso, ngakhale kungotchula dzina la mwanayo, poti ndi dzina lawo lomwe. Ine ndikamasulira Annika, Annika akamasulira mwana.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Moni kwa alamu, ndikuwathokoza chifukwa cha mmene akusamalira anthu pasiwa. Moni kwa ana onse, kwa amalume ku Balaka, ndi kwa onse amene abwera kudzatikhuza. A Eugene ndi Kenan akupereka moni ndi chipepeso.

Mulungu akupatseni mphamvu ndi mtima wofewa pa zimene muganize. Atisunge tonse mpaka tidzaonane, ndipo mzimu wa mng'ono wanu uuse mumtendere.

Ndine mlongo wanu,
Theresa